Mwana ajambule kaye, kakyuleta pambuyo

Aphunzitsi anzanga a sayansi, makamaka inu amene mwangoyamba ntchito ku Madzimoyo ndi m'masukulu ena ozungulira Chipata, chenjerani nawo mutu wa kuwala. Ana amaloweza sin i ndi sin r tsiku limodzi, mukafunsa amayankha kalasi yonse, inu n'kumati zalowa. Mukadzachonga mayeso m'pamene mumapeza kuti masamu anachita bwino, koma ngodya imene anagwiritsa ntchito ndi yolakwika. Mankhwala ake ndi amodzi: mwana asagwire kakyuleta asanajambule njira imene kuwala kwadutsa.

Choyamba, musanalembe kanthu pa bolodi, aonetseni ndi maso. Ikani ndalama yachitsulo ya K1 m'kapu yosaonekera mkati. Mwana abwerere m'mbuyo mpaka ndalamayo itabisika kuseri kwa mlomo wa kapu, kenako mnzake athire madzi pang'onopang'ono. Ndalama ija imatulukira, chonsecho palibe waikhudza. Afotokozereni kuti mumpweya kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, m'madzi 225,000, m'galasi 200,000, ndipo kusintha kwa liwiroku n'kumene kumakupinda pamalire. Apa m'pamene pamachokera manambala aja, 1.33 ya madzi ndi 1.5 ya galasi. Ndowa ya madzi akuya masentimita 40 imaoneka ngati ya 30 mukaiyang'ana kuchokera pamwamba. Onjezani mawu kwa ana okonda kusambira m'madamu: madzi amakhala akuya kuposa mmene maso akuonera.

Chachiwiri, limbanani ndi mzere wa normal. Ndi mzere woima chilili pa kalilole kapena pamadzi, ndipo ngodya zonse zimayezedwa kuchokera pamenepo. Funso likati kuwala kwapanga madigiri 30 ndi nkhope ya kalilole, ana ambiri amathamangira kulemba 30. Yankho ndi 60, ndipo kuwalako kubwerera ndi madigiri 60 omwewo mbali inayo. Ikani lamulo m'kalasi mwanu: chithunzi chopanda normal ndi timivi tosonyeza kolowera kuwala simuchonga. Adzang'ung'udza sabata yoyamba, pambuyo pake chidzakhala chizolowezi.

Chachitatu, aphunzitseni kulosera yankho. Kuwala kukachoka mumpweya kulowa m'galasi kumapindikira ku normal, choncho ngodya yachiwiri iyenera kuchepa. Tengani madigiri 30: sin 30 ndi 0.5, mukagawa ndi 1.5 mupeza 0.333, ndipo ngodya yake ndi madigiri pafupifupi 19.5. Mwana amene wapeza 48.6 wachulukitsa m'malo mogawa, ndipo chithunzi chake chimuuza yekha kuti wasokera. Zungulirani m'madesiki kuona ngati makakyuleta ali pa DEG. Kakyuleta ikakhala pa RAD, sin 30 imatuluka -0.988, mwana n'kukopera osadabwa n'komwe.

Zipangizo zikachepa musapinde manja. Tochi yophimba ndi katoni yong'ambidwa kampata kakang'ono imatulutsa mzere wa kuwala, ndipo dontho limodzi la mkaka m'madzi limauonetsa bwino m'chipinda chotseka makatani. Kalilole wa pamsika, mapini anayi ndi pepala n'zokwanira kutsimikiza lamulo la kubwerera kwa kuwala. Kachipangizo ka laser kakhale m'manja mwanu, chifukwa kangawononge diso. Zimene zikusowadi, monga midadada ya galasi, zilembeni ndi kuchuluka kwake, mupereke kwa mkulu wa dipatimenti teremu ikamayamba. Kudandaula pakamwa m'chipinda cha aphunzitsi sikugula kanthu.

Kunja kulinso zitsanzo zaulere. Mu Okutobala dzuwa likaswa mtengo, amene akupita ku Chipata pa Great East Road amaona ngati patsogolo pa tala pali madzi. Mpweya wotentha wa pafupi ndi msewu umapinda kuwala kochokera kumwamba n'kukubweza m'maso, ndiye chooneka ngati chithaphwicho ndi thambo. Kuchokera apo n'kosavuta kufika pa critical angle, madigiri pafupifupi 42 m'galasi ndi 49 m'madzi, komanso pa mawaya a fibre onyamula intaneti, mmene kuwala kumangogunda m'mbali osatuluka. Auzeninso kuti lamulo lotchedwa la Snell, amene analipeza mu 1621, Ibn Sahl anali atalilongosola kale ku Baghdad cha m'ma 984.

Fotokozani m'chinenero chimene ana akumva, koma mawu a pa mayeso, monga incidence, reflection ndi refraction, alembeni pa bolodi m'Chingerezi, popeza mapepala a Examinations Council of Zambia amabwera m'Chingerezi. Lachisanu apatseni mafunso atatu okha, ndipo theka la mamalikisi likhale la chithunzi.