Batire yobwereka pa siteji

Alamu anga amayendetsa Toyota Sienta, kunyamula anthu pakati pa Zomba ndi Limbe. Tsiku lina m'mwezi wa June, kuli chisanu cholowa m'mafupa, galimoto itadzaza anatembenuza kiyi, koma injini osalira. Chomwe chinamveka ndi te-te-te-te wothamanga, magetsi a pa dashibodi akuphethira. Anayesanso, chimodzimodzi. Apaulendo anayamba kusuzumira galimoto yomwe inali kumbuyo pamzere.

Pa siteji aliyense ndi makaniko. Wina anati sitata yapita. Wina anati tiikankhe, kuiwala kuti galimotoyo ndi ya otomatiki, ndipo ya otomatiki ungaikankhe mpaka pa Thondwe siingalire. Kenaka panatulukira mnyamata wina atanyamula batire ya m'galimoto ya mnzake.

"Musavutike achimwene. Tiika iyi, ikalira tichotsa, n'kubwezera yanuyo injini ikulira. Timatero tsiku lililonse."

Pakanapezeka woumvetsera bwino te-te-te uja, ntchito ikanatha ndi sipanala imodzi. Pamwamba pa sitata pali kachipangizo kotchedwa solenoid. Ukatembenuza kiyi, kameneka kamakankha kagiya ka sitata kuti kalumane ndi mano a flywheel, komanso kamalumikiza moto wa batire ku sitata. Solenoid imakhutira ndi moto wochepa, pamene sitata ndi yadyera kwambiri. Moto ukamafika woperewera, solenoid imagwira, sitata n'kumeza wonsewo, solenoid n'kutaya, kugwiranso, kutayanso. Phokoso lothamangalo ndi limenelo. Limanena kuti moto sukufika wokwanira, basi. Silinena kuti batire yafa, ndipo kawirikawiri sitata imakhala ilibe mlandu.

Kulira kamodzi, "tha!", kenaka zii, ndi nkhani ina. Pamenepo magetsi akakhala kuti akuwalabe bwino, ungakayikire mabulashi a sitata kapena solenoid yopsa mkati. N'chifukwa chake ena amagogoda sitata ndi sipanala mnzawo akutembenuza kiyi. Ikalira, dziwa kuti wangogula ulendo umodzi wokafikira ku galaja. Koma galimoto ikazima m'madzi osefukira n'kumalira kamodzi koteroko, chotsa dzanja pa kiyi. Madzi akalowa m'injini sapanikizika, ndipo kukakamiza kumapinda zitsulo za mapisitoni.

Alamu analibe nthawi ya zonsezi. Anyamata anamasula batire, kuika yobwerekayo, galimoto n'kulira kamodzi n'kamodzi. Anthu anaomba m'manja. Injini ikulira choncho, mnyamata uja anazula mawaya, kubwezera batire yakale, kumanga. Magetsi anang'anima pang'ono, palibe anasamala. Kanyali kofiira kooneka ngati batire kanayaka pa dashibodi, alamu n'kuti kazima kokha m'njira.

Sikanazime. Kuyambira pamenepo galimoto inayendera moto wa m'batire, popanda choibwezera. Madzulo, atayatsa magetsi akutsogolo cha ku Namadzi, kuwala kunayamba kufiira, wailesi n'kuzima, kenaka injini. Apaulendo anafuna ndalama zawo pomwepo, mumdima.

Makaniko amene anaiona m'mawa mwake sanafulumire kumasula kanthu. Anatchaja batire, n'kuyeza ndi mita: mavoti 12.6, chizindikiro cha batire yodzaza. Poliza injini sinatsike kupyola pa 10, kusonyeza kuti inali ndi mphamvu ndithu. Koma injini ikulira, mita inangokhala cha pa 12 n'kumatsika, pamene alternator yabwino imapereka pakati pa 13.5 ndi 14.5. Alternator inali itapsa.

Kenaka anawaitana alamu kuti aone mutu wa batire. Mkati mwa chomangira cha waya wa pulasi munali ufa woyera wobiriwira, wouma gwa, ndipo bawuti yake inali yotha mano moti chomangiracho chimazungulira ndi dzanja.

"Bwana, matenda anu anali awa. Batire ya eni ija sinachize kanthu. Pomasula ndi kumanga, anyamatawo anapala ufawu osadziwa, moto n'kudutsa. Mukanangotsuka ndi madzi a soda, kupala ndi sandipepa, kusintha kabawuti aka, mukanagona kwanu."

Chimene chinapha alternator ndi kuzula batire injini ikulira. Batire siingosunga moto. Imamezanso moto wolumpha wochokera ku alternator. Ukaichotsa mwadzidzidzi, mphamvu imakwera kwa kanthawi kochepa, n'kuotcha ma diode a mu alternator, mwinanso kompyuta ya injini. Chizolowezichi chinachokera pa galimoto zakale zopanda kompyuta, ndipo anthu akuchipitiriza pa ma Sienta, ma Vitz ndi ma Passo omwe ndi odzaza ndi zamagetsi. Kuti chinayenda bwino dzulo pa galimoto ya mnzako si umboni wa kanthu. Alamu anangochita mwayi kuti kompyuta yawo inapulumuka.

Batire ikakhala kuti yafookadi, njira ndi kujampa ndi mawaya, yako ili m'malo mwake. Waya wofiira pa pulasi ya batire yofooka, mbali inayo pa pulasi ya yabwino. Wakuda pa mainasi ya yabwino, mbali yotsalayo pa chitsulo cha injini ya galimoto yodwalayo, patali ndi batire, chifukwa batire imatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika ndi kamoto kakang'ono. Usaumirire kiyi kupyola masekondi 10; sitata imatentha msanga.

Sienta inakhala pa galaja mpaka alamu atapeza alternator yogwirapo kale ntchito ku Limbe, ndi ndalama ya katapira. Mnyamata wa pa siteji uja akadalipo, ndipo alamu atakumana naye, iye anangoti alternator-yo iyenera kuti inali yotopa kale.