Kudya pang'onopang'ono kasanu ndi kamodzi pa tsiku: kodi thupi limachepadi?

Kalata yoyamba lero yachokera ku Lifidzi, kwa mayi wina wogulitsa mbatatesi ndi nyemba pamsika. Akuti: "Thupi langa lakula moti mawondo amawawa ndikamayenda kupita kutchalitchi ku mishoni. Mnzanga anandiuza kuti ndizidya pang'onopang'ono kasanu ndi kamodzi pa tsiku, ati m'mimba mukamagayidwa chakudya nthawi zonse mafuta amasungunuka. Ndachita zimenezi miyezi iwiri, koma madiresi akundithinabe. Ndalakwitsa pati?"

Zikomo mayi. Musadziimbe mlandu, malangizowo ndiwo operewera. Mnzanuyo sananame zonse ayi. Ndi zoona kuti thupi limawononga mphamvu pogaya chakudya, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu imene chakudyacho chabweretsa. Koma gawo limeneli limatsata kuchuluka kwa zimene mwadya, osati kangati mwadya. Ganizirani za kuchigayo. Mukapita ndi ndowa imodzi ya chimanga ulendo umodzi, kapena mukaigawa m'timabeseni n'kupita maulendo asanu ndi limodzi, chimanga chogayidwa n'chomwecho ndipo ufa wake ndi womwewo. Akatswiri anaziyesa zimenezi. Mu 2010, ku yunivesite ya Ottawa m'dziko la Canada, anatenga anthu onenepa 16 n'kuwapatsa chakudya chochepetsedwa mofanana kwa milungu 8, ena akudya katatu, ena kasanu ndi kamodzi. Magulu onse awiri anatsika thupi, ndipo panalibe kusiyana kwenikweni. Mu 2014 ku Prague anayesa anthu 54 odwala matenda a shuga. Pamene ankadya kawiri pa tsiku, kadzutsa ndi nkhomaliro, anatsika makilogalamu 3.7 m'milungu 12. Pamene chakudya chomwecho chinagawidwa kasanu ndi kamodzi anatsika 2.3. Anthuwa anali ochepa, choncho sindikunena kuti kudya kawiri ndiwo mankhwala. Ndikunena kuti kuchulukitsa nthawi zodyera pakokha sikusungunula mafuta.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi momwe malangizowa amagwirira ntchito kwathu kuno ku Angonia. Malangizowa ndi osavuta kwa munthu amene ali ndi firiji ndi sikelo ya m'khitchini, woti angathe kugawa chakudya cha tsiku lonse m'timbale n'kusunga. Ife nsima imaphikidwa masana ndi madzulo, banja lonse limadyera pamodzi, ndipo mayi amene waiphika yekha sangakhale pamphasa n'kutema kawiri basi n'kusamba m'manja, apongozi akuyang'ana. Zotsatira zake n'zakuti nkhomaliro ndi mgonero zimakhala momwe zinaliri kale, ndipo zakudya zinazo zimangowonjezekera pamwamba. Nanga zimachokera kuti? Pamsika pomwepo: mandasi ndi tiyi wa shuga masupuni atatu, tchipisi cha pachiwaya, thobwa lotsekemera, botolo la zoziziritsa kukhosi. Botolo limodzi laling'ono la Coca-Cola lili ndi shuga wokwana pafupifupi masupuni a tiyi 8. Mbatatesi yathu yophika m'madzi ilibe mlandu waukulu, koma ikalowa m'chiwaya imamwa mafuta, ndipo mafuta amapereka mphamvu yoposa kawiri poyerekeza ndi ufa wolemera chimodzimodzi. Choncho mayi, ndikuganiza kuti m'miyezi iwiriyi simunagawe chakudya chanu, munachiwonjezera. Bwererani pa katatu. Ngati mumadya mitanda itatu ya nsima, idyani iwiri, makamaka ya mgaiwa, ndipo malo otsalawo mudzaze ndi nyemba, mpiru, nkhwani kapena kabichi zothira mafuta ochepa. Shuga wa m'tiyi muzimuchepetsa supuni imodzi sabata iliyonse mpaka lilime lizolowere.

Kalata yachiwiri ikutsutsa, ndipo ndaikonda. Bambo wa ku Domwe, woyendetsa njinga yamoto yonyamula anthu, akuti: "Ine ndikapanda kudya kanthu pakati, madzulo njala imandipweteka ndipo ndimamaliza mitanda isanu. Kodi si bwino kudyako pafupipafupi?"

Bambo, kwa inu zikhoza kuthandizadi, ndipo sindikuletsani. Anthu timasiyana pa njala. Koma taonani chimene chikuthandiza: kachakudya ka pakatiko kakugwira ntchito pokhapokha ngati kachotsa mitanda iwiri pa mgonero. Mukadya nthochi, mapichesi a nyengo yake kapena mtedza wodzaza dzanja limodzi cha m'ma 4 koloko, kenaka madzulo n'kudya mitanda itatu m'malo mwa isanu, mwapindula. Mukadya tchipisi pasiteji n'kukamalizabe isanu kunyumba, mwataya. Palinso china. Mbale imene tinakulira ndi mbale ya munthu wogwira khasu kuyambira m'bandakucha, wopalasa njinga ndi matumba a chimanga mpaka ku Ulongwe. Inu tsopano mumakhala pachishalo tsiku lonse injini ikukugwirirani ntchito, koma mbale sinasinthe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kuyenda mwandawala theka la ola masiku asanu kwakwanira.

Wina afunsa: nanga bwanji kuchipatala anamwino amanena kuti kudya pang'ono koma pafupipafupi? Amanenadi, koma tamverani amene amauzidwa. Ndi mwana wa miyezi 9 mpaka zaka ziwiri, amene kamimba kake n'kakang'ono ndipo ayenera kudya katatu kapena kanayi pa tsiku, kuwonjezera timazakudya ta pakati ndi bere. Ndi mayi woyembekezera amene akuchita nseru. Ndi wodwala TB kapena wina amene chilakolako cha chakudya chathawa. Onsewa cholinga chake n'chakuti adye zambiri, thupi libwerere. Njira imene timagwiritsa ntchito ponenepetsa wodwala singakhale yodalirika pochepetsa thupi la munthu wabwinobwino. Ndipo chonde, mayi wa ku Lifidzi, mukamachepetsa mbale yanu musachepetse ya ana; m'midzi mwathu muno vuto la ana ndi kupinimbira, osati kunenepa. Amene mumabaya insulin kapena kumwa glibenclamide, musadumphe chakudya musanakambirane ndi adokotala, chifukwa shuga angathe kutsika mpaka munthu kukomoka. Komanso ngati thupi likutha lokha musanasinthe kadyedwe, makamaka pamodzi ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi kapena chifuwa chokhalitsa, musasangalale, pitani mukayezetse.

Mayi wa ku Lifidzi, m'kalata yanu munafunsanso kuti mudzadziwa bwanji kuti zikuyenda popeza mulibe sikelo. Tengani chingwe, muyeze kutalika kwanu kuchokera kuphazi mpaka pamutu, mudule, kenaka muchipinde pakati. Chingwe chopindacho chiyenera kuzungulira m'mimba mwanu, chapamwamba pang'ono pa mchombo, nsonga zake n'kukumana. Ngati sizikukumana, onani mpata umene watsala, ndipo muziyesa kamodzi pa mwezi. Mukapita kuchipatala mupemphenso akuyezeni BP ndi shuga, mawondowo awaonenso.