Phunziro: Kutengera Sewero Lakale la Chikondi Kukomboni ya Pamgodi

Ophunzira anga, lero tiphunzira mmene gulu la zisudzo lingatengere sewero lakale la chikondi ndi nthabwala n'kulichita pamaso pa anthu a masiku ano, mpaka aseke, akhudzidwe, ndi kutuluka m'holo akutsutsana. Tigwiritsa ntchito sewero la William Shakespeare lotchedwa The Two Gentlemen of Verona, kutanthauza anyamata awiri a ku Verona. Analilemba cha m'ma 1590 akungoyamba kumene ntchito yolemba, ndipo linasindikizidwa koyamba mu 1623 mwiniwake atamwalira kale. Oonerera athu ndi anthu a m'matauni a migodi kuno ku Midlands, m'Zimbabwe: Kwekwe, Redcliff, Shurugwi ndi Zvishavane.

Nkhani yake ili motere. Valentine ndi Proteus ndi mabwenzi a ponda apa nane mpondepo. Valentine anyamuka ulendo wa ku Milan, mzinda waukulu, pomwe Proteus atsala chifukwa mtima wake uli pa Julia. Posakhalitsa bambo ake amulamula kuti nayenso apite, ndipo potsazikana iye ndi Julia asinthana mphete nalumbirirana. Kufika ku Milan apeza mnzake ali m'chikondi ndi Silvia, mwana wa mfumu ya mzindawo. Kungomuona Silviayo, Proteus aiwala Julia. Akaneneza mnzake kwa mfumu kuti akufuna kuthawitsa mtsikana usiku, Valentine apirikitsidwa, nakagwa m'manja mwa zigawenga za m'nkhalango zomwe zimusankha kukhala mtsogoleri wawo. Kumudzi nako Julia watopa ndi kudikira. Avala zachimuna, alondola bwenzi lake, ndipo Proteus yemweyo amulemba ntchito osamuzindikira, n'kumutuma kukapereka kwa Silvia mphete imene Juliayo anamupatsa ndi dzanja lake.

Ntchito yoyamba, musanagawane mbali, ndi kufunsa kuti nkhaniyi iwagwira pati anthu amene adzakhale pamabenchi. Kwa ife yankho lili m'nyumba zathu zomwe. Agogo a ambiri mwa inu anachokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Chipata kapena ku Angonia, kudzagwira ntchito pamgodi wa golide wa Globe and Phoenix ku Kwekwe, pamigodi ya kromu ku Shurugwi, pa Shabanie pomwe anayamba kukumba asibesitosi mu 1916, kapena pang'anjo za zitsulo ku Redcliff. Ena anakwera malole a Ulere, ena analembedwa ndi a Mthandizi, ena anayenda wapansi masabata kudutsa ku Tete ndi kuwoloka Zambezi. Ambiri anasiya chitomero kumudzi, atalonjeza kuti akangopeza njinga ndi bulangete abwerera. Amene sanabwerere, kumudzi anawapatsa dzina loti matchona. Proteus ndi mtchona amene akungoyamba kutchona. Ndipo nkhaniyi sinathere pa agogo ayi. Chizimitsireni Zisco ya ku Redcliff ng'anjo zake mu 2008, ndiponso chigwereni Shabanie, achimwene anu akuwoloka pa Beitbridge kupita ku Joni, ndipo atsikana atsala muno akuyang'ana foni usiku kuti mwina uthenga ulowa. Woonerera wotere safunika kumufotokozera kuti Julia akumva bwanji.

Pali ana a Zimbabwe amene anatsegula kale njirayi. Denton Chikura ndi Tonderai Munyevu, motsogozedwa ndi Arne Pohlmeier, anachita sewero lomweli pansi pa dzina loti Vakomana Vaviri ve Zimbabwe. Mu 2012 analichita m'Chishona pa Shakespeare's Globe ku London, pa chikondwerero chomwe masewero 37 a Shakespeare anachitidwa m'zilankhulo zosiyanasiyana. Anali awiri okha pasiteji, akutenga mbali zonse, amuna ndi akazi omwe, ndi thiranki yomwe ankatulutsamo kachovala kamodzi kosonyeza kuti tsopano munthu wasintha. Ndakuuzani izi kuti musadzandiuze kuti tilibe ndalama zogulira zovala za ku Ulaya. Thiranki ija ilipo pansi pa bedi la agogo anu.

Chachiwiri ndi kusamutsa nkhani. Ine ndikulangiza kuti tiike m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya Chitaganya, chomwe chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Verona akhale mudzi wa ku Dedza, Milan akhale komboni ya pamgodi. Mfumu ya Milan ikhale kapitawo wamkulu, munthu amene mawu ake angakulembetse ntchito kapena kukuchotsetsa. Thurio, mkamwini wachuma koma wozizira amene bambo a Silvia akumufuna, akhale mwini golosale wokhala ndi njinga yatsopano ndi galamafoni. Kupirikitsidwa kwa Valentine kukhale kuchotsedwa ntchito, ndipo mukudziwa kuti pamgodi ntchito ikatha nyumba nayo yatha, katundu panja tsiku lomwelo. Nkhalango ikhale mapiri a Boterekwa, zigawenga zikhale anthu okumba golide mobisa. Mphete ikhale chikole, kaya mpango kaya mkanda wa m'khosi, chinthu choti munthu wakhala kumbuyo kwenikweni achione ndi kuchizindikira chikadzatulukanso kumapeto.

Mwina wina afunsa kuti bwanji osaiika m'chaka chino, makalata n'kukhala mauthenga a pa WhatsApp. N'zotheka, koma mutaya chinthu chamtengo. Taonani chigawo ichi. Lucetta, wantchito wa Julia, wabwera ndi kalata yochokera kwa Proteus. Julia akuifuna ndi mtima wonse, koma manyazi amugwira, ndiye akalipa n'kuing'amba pamaso pa Lucetta. Lucetta akangotuluka, Julia agwada pansi n'kuyamba kutola tizidutswa. Apa wosewerayo asafulumire. Ayang'ane kaye kukhomo. Atole kachidutswa kamodzi, akapukute fumbi ndi chitenje, awerenge dzina lili pamenepo milomo ikugwedera, akabise pachifuwa. Mphepo ikankhe kena, iye akathamangire chokwawa. Amayi a m'holo adzaseka chifukwa aliyense wa iwo anakanapo chimene ankachifuna. Foni simungaing'ambe, ndipo woonerera saona zimene zili pagalasi lake.

Chachitatu ndi chilankhulo, ndipo apa ndi pomwe tili ndi chuma chimene magulu ena alibe. Musamasulire Chingerezi cha Shakespeare liwu ndi liwu. Werengani chigawo, mvetsani chimene munthu aliyense akufuna kwa mnzake, tsekani buku, muyankhule monga anthu amayankhulira. M'komboni munkamveka Chichewa, Chishona, Chindebele, Chingerezi cha muofesi ndi Chilapalapa cha pansi pamgodi. Choncho Silvia ndi bambo ake ayankhule Chishona, Julia ayankhule Chichewa cha kumudzi chosasakaniza, ndipo Proteus ayambe ndi Chichewa koma chigawo chilichonse azichitaya pang'onopang'ono. Oonerera adzamva ndi makutu awo kuti mnyamata akutchona.

Zilankhulo ziwirizi zili ndi misampha yokoma. Mshona akati "ndinokuda" ndiye kuti akukukonda, pomwe kwa Mchewa kumuda munthu ndi kudana naye. Tsono ganizirani usiku umene Proteus akuimbira Silvia pansi pa zenera, Julia atabisala pamdima m'zovala zake zachimuna, wangofika kumene ndipo Chishona sachidziwa. Amva bwenzi lake likuuza mtsikana wina kuti "ndinokuda", nkhope yake n'kuwala: ndiye kuti akumuda! Mwini nyumba ya alendo amene wamuperekeza amunong'oneza tanthauzo lake. Holo yonse idzakhala ikuseka, kenaka chete, chifukwa nkhope ija yagwa. Ngati mwapeza kuseka ndi chisoni pa mpweya umodzi ngati pamenepa, sewero la mtundu uwu mwalidziwa. Palinso kugona, komwe m'Chishona ndi kutha kuchita chinthu. Msampha umenewu apatseni antchito awiri a m'seweroli, Speed ndi Launce, akanganirane.

Launce ndiye msuzi wa seweroli. Ndi wantchito wa Proteus, ndipo amayenda ndi galu wake Crab. Pali chigawo chomwe akusimba mmene anatsazikira kwawo: avula nsapato, ina ikhale bambo ake ina mayi ake, ndodo ikhale mlongo wake, onse akulira, galu yekha ndiye wouma mtima. Ife kuno tinakula ndi nthabwala za anthu awiri ngati Izeki ndi Jakobo a ku Malawi, choncho kalembedwe aka si kachilendo. Langizo langa n'lakuti wosewera Launce asayese kuseketsa. Alire zenizeni, akhulupirire kuti nsapato ija ndi mayi ake. Akangoyamba kutsinzinira oonerera ndi kupotoza nkhope, nthabwala yafa. Galu weniweni musabwere naye, adzakusokonezani. Mmodzi wa inu akhale galu, chingwe m'khosi, maso osalabada kanthu.

Za kufupikitsa sindichedwapo. Sewero lisapitirire ola limodzi ndi theka. Chigawo chilichonse chimene sichikankha nkhani kapena kuseketsa, chichotseni. Muchite masana kuti magetsi akazima musaime, ndipo muphunzire kuponya mawu mpaka kukhoma la kumbuyo popanda maikolofoni. Anthu athu amayankha sewero. Wina adzakuwa kuti "Wabodza iwe!" Proteus akamalumbira. Musakwiye, musapikisane naye. Dikirani phokoso litsike ndipo mupitirize.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikukuletsani. Mudzayesedwa kuti zigawenga za m'nkhalango zivale ngati Gule Wamkulu, poti gule amadziwika m'makomboni onse a migodi ndipo anzathu amamutchula kuti zvigure. Musatero. Gule ali ndi eni ake ndi malamulo ake a kudambwe, ndipo UNESCO inamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse. Kwa zaka zambiri anthu athu kuno akhala akunyozedwa ndi mayina ngati mabwidi ndi mabhurandaya, gule n'kumanenedwa kuti ndi wa afiti ndi akuba. Tikamuveka ifeyo pa zigawenga, tathira mafuta pamoto womwe ukutiotcha. Mukafuna gule wa pasiteji tengani beni, amene agogo athu ankavina pamigodi Lamlungu atavala ngati asilikali. Ameneyo ndi wa poyera, ali ndi ng'oma zamphamvu, ndipo akhoza kutsegula chigawo cha kukomboni bwino lomwe. Momwemonso dzina loti maShurugwi lisamveke pakamwa pa wina aliyense m'seweroli. Anthu a ku Shurugwi adzakhala m'holo, ndipo atopa kumva dzina la kwawo likutanthauza zikwanje.

Tsopano tifike povuta, pamene aliyense wotsogolera seweroli amatuluka thukuta. Kumapeto, m'nkhalango muja, Silvia akana Proteus, ndipo Proteus afuna kumugwiririra. Valentine atulukira namuletsa. Proteus apepesa ndi mawu ochepa, Valentine amukhululukira pomwepo, ndipo pofuna kusonyeza kuti ubwenzi wabwerera ayankhula ngati akumupatsa Silviayo. Julia akomoka, chikole chija chioneka, azindikirika, ndipo sewero litha ndi malonjezo a maukwati awiri tsiku limodzi. Chichitikireni chipongwe chija mpaka sewero kutha, Shakespeare sanamupatse Silvia liwu ngakhale limodzi.

Magulu ena amangodula chigawo chonsecho kuti anthu apite kwawo akumwetulira. Ine sindigwirizana nazo, chifukwa mukatero mwabisa chimene Proteus ali. Ena amachisewera mothamanga ngati nthabwala, ndipo kumeneko ndiye kulakwitsa kwenikweni, poti m'holo mudzakhala atsikana amene zoterezi zinawachitikira, ndi anyamata amene akuphunzira kwa inu kuti mwamuna amatani akakanidwa. Njira imene ndikufuna tiyese ndi iyi. Chigawocho chikhalepo, chachifupi, popanda ng'oma, popanda choseketsa. Valentine anene mawu ake aja, koma akangowanena pakhale bata, Silvia amuyang'ane kumaso mpaka mnyamatayo azindikire yekha chimene wanena. Kenaka Silvia achoke pakati pa amuna awiriwo, apite kukadzutsa Julia, amupukute nkhope, aime naye limodzi. Sitinawonjezere liwu, koma kukhala chete kwake kwayamba kuyankhula.

Ndipo ukwati usachitike tsiku lomwelo. Kwathu mlandu wotere sutha ndi kugwirana chanza kwa anyamata awiri patchire. Pali ankhoswe, pali malume, pali eni mbumba. Proteus atambasule dzanja, Julia ayang'ane chikole chili m'manja mwake, achisunge osachivala, onse anyamuke kupita kwa akuluakulu. Oonerera akatsutsane okha panjira ngati amutenge kapena amusiye. Ine ndikanakhala malume a Julia ndikanati adikire, aone kaye ngati mnyamatayo wasinthadi, koma m'gulu lino muli atsikana, ndipo ndikufuna ndimve maganizo awo tisanamange mfundo.

Ntchito ya kunyumba nayi. Aliyense akakhale pansi ndi munthu wachikulire wa m'banja lake kapena woyandikana naye, amufunse mwaulemu kuti anabwera bwanji kuno, anasiya yani kumudzi, ndipo makalata ankawalembera ndani. Mulembe mawu awo momwe awanenera, osawakongoletsa, ndipo mayina a anthu muwasiye. Amene kwawo kuli thiranki yachitsulo apemphe kuti tibwereke. Loweruka tikumana 2 koloko masana, ndipo tiyamba ndi chigawo cha kalata yong'ambidwa. Atsikana nonse mubwere ndi chitenje ndi pepala.