Kagalu Kamafuna Madzi Akumwa Ochuluka Bwanji?

Mabanja ambiri m'mawodi a boma lino amaweta agalu kuti azilondera pakhomo, khola la mbuzi ndiponso nkhokwe. Kagalu kakabwera pakhomo, anthu amakumbukira kukapatsa nsima yotsala kapena phala la gaga, koma za madzi akumwa amaganiza kuti kadzionera kokha. Galu wamkulu angathe kukafuna madzi kudambo, pamene kagalu ka miyezi iwiri, makamaka komangidwa pamtengo, kamangodalira zimene mwini wake waika patsogolo pake. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, kagalu kotere kangafooke kwambiri ndi ludzu m'tsiku limodzi lokha. Phunziro lino likufotokoza muyeso wa madzi oyenera kagalu, mtundu wa madziwo, ndi zizindikiro zosonyeza kuti thupi lake layamba kuuma.

Chifukwa chake kagalu kamauma msanga

Pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a thupi la kagalu ndi madzi, kuposa mmene zilili ndi galu wamkulu. Impso zake zimakhala zisanakhwime m'masabata oyambirira, motero sizitha kusunga madzi bwino, ndipo kagalu kamakodza pafupipafupi. Chinanso n'chakuti galu satuluka thukuta thupi lonse ngati munthu. Amadziziziritsa potulutsa lilime ndi kupuma wefuwefu, ndipo kupuma kotereku kumachotsa madzi ambiri m'thupi. N'chifukwa chake kagalu kamene kakusewera padzuwa, kapena kamene kakutsekula m'mimba, kamataya madzi mofulumira kuposa mmene kangawabwezerere.

Muyeso malinga ndi msinkhu

Kuyambira pobadwa mpaka masabata atatu, kagalu sikafuna madzi apadera chifukwa mkaka wa make ndi wokwanira. Pa nthawi imeneyi wofunika madzi ambiri ndi make, pakuti galu woyamwitsa amamwa kuposa masiku onse, ndipo akasowa madzi mkaka umachepa. Mbale yake isamakhale youma usana ndi usiku.

Pa masabata atatu kapena anayi tiagalu timayamba kunyambita chakudya chofewa, ndipo imeneyi ndiyo nthawi yotiikira madzi. Aikidwe m'mbale yosaya kapena m'phale lotsukidwa bwino. Ndowa ndi beseni lakuya n'zoopsa, chifukwa kagalu kakagweramo sikatha kutulukamo.

Kagalu kakasiya kuyamwa, pa masabata 6 mpaka 8, madzi ake amawerengedwa potengera kulemera kwake. Pa tsiku kamafuna mamililita pafupifupi 60 pa kilogalamu iliyonse, ndipo kukatentha kwambiri kapena kakathamanga kwambiri, muyesowo umakwera kuyandikira mamililita 100. Choncho kagalu kolemera makilogalamu awiri kamafuna mamililita 120 mpaka 200. Kolemera makilogalamu asanu kamafuna mamililita 300 mpaka 500, kutanthauza kuyambira botolo limodzi lagalasi la zakumwa zoziziritsa kukhosi mpaka botolo limodzi lapulasitiki la theka la lita. Kolemera makilogalamu khumi kamafuna mamililita 600 mpaka lita imodzi. Kulemera kwake kungadziwike pokaika m'thumba losamanga kukamwa ndi kukoleka pasikelo yoyezera mbewu. Popeza kagalu kamakula msanga, kuyezako kuzichitika mwezi ndi mwezi.

Manambalawa ndi othandiza mwini galu kudziwa ngati kagalu kakumwa mokwanira. Saperekedwa kuti madzi azichotsedwa muyesowo ukakwana. Kagalu kabwinobwino kamadziwa kokha pamene ludzu latha, motero madzi azikhalapo nthawi zonse. Njira yapafupi yotsatira kamwedwe ndiyo kudzaza botolo lodziwika kukula kwake m'mawa, kumathira m'mbale pang'onopang'ono tsiku lonse, kenaka madzulo kuona amene atsala.

Chakudya nacho chimasintha kamwedwe. Kagalu kodya phala lamadzimadzi kamamwa pang'ono chifukwa madzi ena kawapeza m'phalamo. Kodya chakudya chouma chogula m'sitolo, kapena nsima yothira usipa ndi bonya wamchere, kamamva ludzu kwambiri. Mkaka wa ng'ombe usalowe m'malo mwa madzi, chifukwa umatsekula m'mimba tiagalu tambiri, ndipo potero umaumitsa thupi m'malo molithandiza.

Madzi ake akhale otani

Madzi oyenera kagalu ndi omwewo amene banja limamwa, a pamjigo, a pampopi, kapena a pachitsime otetezedwa ndi mankhwala a kolorini pa muyeso wa anthu. Madzi a m'zithaphwi, m'ngalande za pamjigo ndi m'maenje oumbira njerwa amakhala ndi mazira a njoka zam'mimba ndi tizilombo tochokera mumkodzo wa makoswe, timene timawononga impso ndi chiwindi, ndipo timadwalitsanso anthu. Madzi otsukira mbale, ochapira zovala ndi otsukira mapampu opopera mbewu asatayidwe pamene kagalu kangafikepo.

Mbale ya madzi ikhale pamthunzi ndipo izitsukidwa ndi sopo tsiku lililonse. Madzi azisinthidwa kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, zomwe zimathandizanso kuti udzudzu usaswaniremo. Mbale yopepuka iikidwe mwala woyera mkati kapena ikwiriridwe pang'ono pansi kuti isagudubuzike. Ngati kagalu kamangidwa, mwini wake aonetsetse kuti chingwe chikufika pambale ndi pamthunzi ngakhale dzuwa litapendeka, popeza mthunzi wa m'mawa sukhala pamalo omwewo masana. Ntchitoyi ingaperekedwe kwa mwana wa sukulu pakhomopo, koma wamkulu aziyang'anira kuti ikuchitikadi.

Zizindikiro za kuuma kwa thupi

Pali njira zitatu zimene munthu aliyense angayesere. Yoyamba ndiyo kutsina pang'ono khungu la pakati pa mapewa a kagalu ndi kulisiya. Likabwerera nthawi yomweyo, madzi alimo okwanira, koma likachedwa kapena kukhala chiimire, thupi lauma. Yachiwiri ndiyo kukweza mlomo ndi kukhudza nkhama, zimene ziyenera kukhala zonyowa ndi zoterera. Nkhama zomata kapena zouma n'chizindikiro choipa. Yachitatu ndiyo kuona mkodzo, umene uyenera kukhala woyezuka. Mkodzo wochepa ndi wachikasu kwambiri umasonyeza kusowa madzi. Maso olowa m'kati ndi kugona osafuna kusewera zimasonyeza kuti vutolo lafika patali.

Kagalu kouma pang'ono kapititsidwe pamthunzi ndi kupatsidwa madzi ochepa pakapita mphindi zingapo zilizonse, chifukwa kakamwa ambiri nthawi imodzi kamasanza. Kasathiridwe madzi kukamwa mokakamiza, makamaka ngati kalefuka, popeza madziwo angalowe m'mapapo. Ngati kakusanza chilichonse chimene kamwa, kapena kakutsekula m'mimba mwa magazi ndi fungo loipa, mwina kagwidwa ndi matenda a parvo amene amapha tiagalu m'masiku ochepa. Pamenepo madzi a m'mbale sathandiza, ndipo mlangizi wa ziweto ayenera kudziwitsidwa tsiku lomwelo. Katemera woteteza matendawa amayamba pa masabata 6 mpaka 8. Kagalu kamene kakumwa mopitirira mamililita 100 pa kilogalamu masiku angapo motsatizana, kunja kusakutentha, nakonso kaonetsedwe kwa mlangizi, chifukwa ludzu losatha limatha kukhala chizindikiro cha matenda.

Chenjezo pa chiwewe

Galu amene akulephera kumeza madzi, akuchucha dovu, nsagwada yalendewera, ndipo khalidwe lake lasintha mwadzidzidzi, asayesedwe nkhama kapena kupisidwa dzanja kukamwa poganiza kuti watsamwa fupa. Zimenezi zingakhale zizindikiro za chiwewe, ndipo kagalu kakang'ono nakonso kamatha kufalitsa matendawa. Atsekeredwe kutali ndi ana, ndipo uthenga upite kwa amfumu ndi ku ofesi ya zaulimi. Bungwe la World Health Organization limanena kuti pafupifupi anthu onse odwala chiwewe amachitenga kwa agalu, ndipo pafupifupi anayi mwa khumi alionse ndi ana osafika zaka 15. Munthu wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Kagalu kalikonse kabayitsidwe katemera wa chiwewe pofika miyezi itatu, ndipo kazipita nawo kulikonse kumene alangizi alengeza kuti kuli katemera wa agalu.

Mbale ya madzi pakhomo imakhudzanso mudzi wonse. Galu wopeza madzi kwawo sakhala ndi chifukwa chopitira kumjigo kukanyambita zidebe za amayi kapena kukakumana ndi agalu oyendayenda osabayidwa katemera. Akuluakulu anati mmera m'poyamba, ndipo kagalu kozolowera kudya ndi kumwa pakhomo kamakula kukhala galu wokhazikika pamalo.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa VDC

Kodi ndi makomo angati m'mudzi muno amene ali ndi agalu omangidwa opanda madzi pafupi? Kodi komiti ya mjigo ingachite chiyani kuti madzi asamaime m'ngalande ndi kuitana agalu? Kodi banja lililonse likudziwa kumene mlangizi wa ziweto wa dera lino amapezeka ndiponso nambala yake ya foni?