Musanayambe mahomoni, kayezetseni magazi

Kupeza dokotala amene sangakunyozeni chifukwa ndinu mkazi wa transgender n'kovuta, koma yambirani pomwepo. Amene muli ku Joni muli ndi mwayi: chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town chili ndi kiliniki ya anthu a transgender. Ngati mukufuna kudzabereka mwana, nkhani yosunga umuna ikambidwe musanamwe piritsi loyamba, poti mahomoni amafooketsa mphamvu yobereka. Fodya musiye.

Tsono apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mnzanu pa WhatsApp akuuzani kuti, “Achemwali, ingogulani mapiritsi olera, mawere atuluka msanga.” Musamumvere. Mapiritsi olera ngati Microgynon ali ndi ethinyl estradiol, amene amaundanitsa magazi m'mitsempha kuposa estradiol amene madokotala amapereka, kaya womwa, wopaka, womata pakhungu kapena wa jakisoni. Ndinaonapo mtsikana wina akumeza mapiritsi anayi patsiku, ati zifulumire. Anatsika basi yochokera ku Johannesburg katumba wa mwendo wakumanzere atatupa, akutentha, sokosi italowerera m'mnofu. Anagonekedwa m'chipatala. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, kapena mukayamba kubanika ndi kumva kulasa pachifuwa, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukanene mosabisa zimene mukumwa.

Ndibwerezenso: mapiritsi olera ayi. Ngakhale estradiol woyenerayo, kumwa wambiri sikukulitsa mawere msanga, kumangowonjezera ngozi.

Ndiye magazi. Yezetsani musanayambe, kenako miyezi itatu iliyonse m'chaka choyamba, pambuyo pake kamodzi kapena kawiri pachaka. Madokotala amafuna testosterone atsike pansi pa 50 ng/dL, estradiol akhale pakati pa 100 ndi 200 pg/mL. Zimenezi pagalasi simungazione, ndipo zimandipweteka ndikamva munthu akuti “ndikumva bwino, ndiyezetserenji?” Spironolactone, wotsitsa testosterone, amakodzetsa pafupipafupi ndipo amakweza potassium m'magazi mwakachetechete mpaka mtima kusokonezeka kagundidwe. Cyproterone, winanso wotsitsa testosterone, amafuna kuti chiwindi chiziyang'aniridwa, ndipo masiku ano amaperekedwa wochepa, pafupifupi 10 mg patsiku. Popanda kuyezetsa mungodziwa zinthu zitafika kale poipa.

Ndalama zake, mongoyerekeza: mankhwala a mwezi umodzi ndi ma Rand mazana angapo, pomwe kuyezetsa ku labu yolipira kungapitirire R1,000 ulendo umodzi. Ambiri amagula mankhwala n'kudumpha kuyezetsako. Ngati ndalama sizikukwanira zonse ziwiri, dikirani mwezi wina, muyambe zitakwana.

Ma ARV kapena PrEP musasiye poopa kuti alimbana ndi mahomoni. PrEP satsitsa mahomoni, dolutegravir nayenso amayenda nawo bwino. Efavirenz ndiye angatsitse estradiol, choncho muuzeni dokotala mtundu umene mukumwa.

Mawere amayamba kuphuka pakati pa miyezi itatu ndi isanu ndi umodzi, nsonga zake zikupweteka mukazigunda, ndipo amakula kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Khungu limafewa, mafuta amasamukira m'chiuno ndi m'ntchafu. Mawu sasintha, ndevu sizitha. Mawu amafuna kuphunzira kalankhulidwe, ndevu zimafuna laser. Gulani kope laling'ono, muzilembamo tsiku limene mwayezetsa, zotsatira zake ndi mlingo wa mankhwala, ndipo muzilitenga nthawi zonse popita kwa dokotala.