BEIRA, DOKO LA PAMATOPE

Msewu wocoka pa Katete kulinga kumwera, wodzera pa Chanida, ufika ku Tete. Magalimoto akaoloka Zambezi napyola Chimoio, atsikira ku Beira, pamene mtsinje wa Pungwe uthira m'nyanja yamcere. Matumba ambiri a feteleza amene alimi a kwa Gawa Undi athira m'cimanga akwera njira yomweyi.

Mzindawo suli wakale. Doko la makedzana linali Sofala, kumwera kwace, kumene Aluya anali kugula golidi ndi minyanga. Koma mcenga unalikwirira. M'caka ca 1887 Apwitikizi anamanga linga m'dambo la Chiveve, ndipo malowo anachedwa Beira polemekeza mwana wa mfumu yao. Malo ace ngoipa ndithu: ngacidikha, a matope ndi udzudzu, ndipo kufikira lero anthu akumba matope m'njira ya zombo kuti zingatitimire.

Nanga cinakuza mudzi wotere nciani? Ndi njanji. Ina inafika ku Salisbury mu 1899, ndipo mu 1935 unatha mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika koposa mailosi 2, umene unatsegulira fodya ndi tiyi wa ku Nyasaland njira ya ku nyanja. Cuma ca Beira tsono ndi katundu wa eni, wongopitirira. Cifukwa cace pamene Samora Machel anatseka malire a Rhodesia mu 1976, ndi pamene nkhondo inaononga njanji kufikira 1992, nchito inasowa padoko, ndipo maiko a kumtunda anasauka nazo pamodzi.

Anthu ace ambiri ndiwo Asena ndi Andau. Mcewa akachera khutu pamsika amva mau ambiri a Cisena, pakuti zinenerozo nzapacibale. Koma m'maofesi ndi m'sukulu alankhula Cipwitikizi. Alipo Akristu ndi Asilamu, amalonda Acimwenye, ndi asodzi a nkhanu za m'nyanja zimene zigulitsidwa kutali. Cozizwitsa ndi Grande Hotel, nyumba yaikuru yomangidwira alendo olemera, imene inatsekedwa mu 1963 posowa alendowo. Pambuyo pace munalowa mabanja a amphawi ndi othawa nkhondo, naphika nsima m'makonde mwace.

Usiku wa pa 14 March 2019 namondwe wochedwa Idai anagwa pa mzindawo, nasasula madenga osawerengeka. Madzi anadula msewu wa kumtunda, ndipo magalimoto a katundu anaima masiku angapo kudikira kuti ukonzedwe.