Phunziro la mwezi uno: Chitsamba cha mkaka chosaopa chilala



Mwezi wathawu tinali pa madrasa masana, ana akusewera panja kudikira nthawi ya Asr. Anali atathyola zipatso zobiriwira zija zofufuma ngati mango, n'kumaziponda kuti ziziphulika. Mnyamata wina anatikita diso ndi dzanja la utomoni. Sanalire, ndipo palibe anadziwa. M'mawa mwake mayi ake anabwera naye akuti diso limodzi likungoona nkhungu, sakutha kuwerenga zilembo pa bolodi. Tinathamanga naye kuchipatala, ndipo Alhamdulillah patapita masiku angapo diso linayera. Koma tinachita manyazi, chifukwa chitsamba chimenecho chaima kuseri kwa mzikiti zaka zambiri, ife akuluakulu tikuchidutsa tsiku ndi tsiku osachiphunzira. N'chifukwa chake lero tikambe za icho.

Tichizindikire

Mayina ake amasiyana mudzi ndi mudzi, choncho muno tizingoti chitsamba cha mkaka. Aluya amachitcha ushar, Aswahili amati mpamba mwitu, kutanthauza thonje la kutchire. Akatswiri a zomera dziko lonse amachidziwa ndi dzina loti Calotropis procera.

Chimatalika mamita 2 mpaka 4, nthawi zina kuposerapo pang'ono. Khungwa la tsinde lokhwima limakhala lotuwa, long'aluka, lofewa mukalitsina. Masamba ndi aakulu kuposa chikhatho, ochindikala, otuwa ngati awazidwa ufa, ndipo amamera awiriawiri moyang'anizana, atakakamira kutsinde pafupifupi opanda phesi. Maluwa amabwera m'magulu, lililonse lili ndi timasamba 5, toyera koma kunsonga kofiirira. Chipatso mukachigwira n'chopepuka, m'kati mwadzaza mpweya basi. Chikakhwima chimang'ambika, n'kutulutsa njere zaphwatalala zoposa 300, iliyonse ndi ubweya wake woyera wonyezimira. Ndipo paliponse mungathyole, kaya tsamba, kaya nthambi, kaya chipatso chachiwisi, pamatuluka utomoni woyera ngati mkaka.

Abale ake ndani?

Anthufe tili ndi mafuko, a Phiri, a Banda, a Mbewe, a Milanzi, ndipo ukadziwa fuko la munthu umadziwanso abale ake. Zomera nazo anaziika m'mabanja poyang'ana maluwa, zipatso ndi njere. Mwambo wopatsa chomera mayina awiri anaukhazikitsa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden m'chaka cha 1753. Dzina loyamba lili ngati chiwongo, lachiwiri ndi la mwini wake. Ndiye Calotropis ndi chiwongo, procera ndi dzina.

Chili ndi mkulu wake, Calotropis gigantea, wochokera ku India ndi maiko oyandikana nawo. Ameneyo amakula kuposa uyu, maluwa ake ndi okulirapo ndipo timasamba take timapindikira kumbuyo. Utomoni wa onse awiri ndi woopsa chimodzimodzi.

Banja lawo lalikulu limatchedwa Apocynaceae, ndipo si lachilendo kwa ife. Thombozi wa m'mapiri uja, amene mukamutema amalira mkaka, ndi wa banja limeneli. Mwimbi wa m'mbali mwa mitsinje ndi wa momwemo. Kombe nayenso, uja makolo ankapaka ku mivi yosakira nyama. John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone mu mtsinje wa Shire, anapeza Amang'anja akugwiritsa ntchito kombe, ndipo anazindikira kuti amachepetsa kugunda kwa mtima. Pambuyo pake madokotala a ku Scotland anapangako mankhwala a mtima, ndipo mpaka lero chomeracho chimalembedwa Strophanthus kombe, dzina lathu lomwe.

Mfundo yake ndi iyi: poizoni wa mu utomoni wa chitsamba chathuchi ndi wa gulu limodzi ndi wa kombe. Amagwira mtima. Amene angamwe madzi a masamba ake akuti akutsuka m'mimba, adziwe kuti akumwa mbale wake wa ulembe wa pa muvi.

Chimakhala bwanji osamwa madzi?

Mu Okutobala udzu wonse utapsa, mbuzi zikungonyambita fumbi, icho chimakhala chili biriwiri, maluwa ali mbee. Chinsinsi chake chili patatu. Choyamba, mzu wake waukulu umalowa pansi kwambiri, mamita angapo, kukafika pa chinyezi chomwe chimanga sichingachifike. Chachiwiri, kutuwa kwa masamba kuja ndi phula ndi tiubweya tomwe timabweza dzuwa n'kutchinga madzi kuti asatuluke msanga. Chachitatu ndi utomoni womwe uja: ziweto zimachilambalala, ndiye pamene zitsamba zina zikudyedwa mpaka kutsinde, icho chimangokula mwamtendere.

Kwawo kwenikweni ndi maiko otentha ndi ouma a kuno ku Africa, ku Arabia mpaka ku India. Amene Allah anawapatsa mwayi wa Hajj mwina anachiona m'zigwa zouma za kumeneko. Chimatha kukhala kumalo komwe mvula siifika ngakhale mamilimita 300 pa chaka, pomwe chimanga chimafuna 500 kapena kuposa. Chimakonda mchenga, nthaka ya miyala, ngakhale ya mchere, komanso dzuwa losatchingidwa. N'chifukwa chake timachiona m'mbali mwa nyanja, m'mphepete mwa misewu ndi ku Chigwa cha Shire. Anthu atachitengera ku Brazil ndi ku Australia, chinafalikira m'mabusa a ng'ombe mpaka kusanduka vuto.

Pali zinthu zitatu zomwe sichigwirizana nazo: mthunzi, lowe lokhalitsa, ndi kuzizira kwambiri. Mbande zake zimavutikanso kumera pomwe pali udzu wothithikana. Gwirani mawu amenewa, tiwafuna kutsogoloku.

Maluwa ake amadalira kwambiri bemberezi kunyamula mungu. Ndipo gulugufe wofiirira wa madontho oyera kunsonga za mapiko uja amaikira mazira pa masamba ake. Mbozi zake zimadya masambawo osafa, zimasunga poizoni m'thupi, ndiye mbalame ikalawa kamodzi siibwerezanso. Subhanallah! Chomwe chingaphe mbuzi, Mlengi anachisandutsa chishango cha kachilombo kosalimba ngati kameneko.

Chikutiuza chiyani za nthaka yathu?

Apa ndiye pagona nkhani, abale. Tili anyamata, chitsambachi tinkachiona chimodzi apa, china uko. Lero busa la kumtunda kwa mudzi wathu ladzaza nacho. Ena akuti chitsamba ndi chomwe chapha msipu. Ife tikuti tiyambe tadzifunsa tokha. Ndani anadula misangu ndi mitengo ina kuti awambire nsomba ndi kuwotchera njerwa? Ndani amatentha tchire chaka ndi chaka? Ndani amadyetsa ziweto pamalo amodzi osapumitsa? Tanena kale kuti chimaopa mthunzi ndi udzu. Tinachotsa mthunzi, tinachotsa udzu, mwera n'kubweretsa njere pa nthaka ya mbee. Chikachuluka n'zoona chimapondereza msipu, koma chitseko tinatsegula ndife.

Chisilamu chimatiphunzitsa kuti nthaka ndi madzi ndi amana m'manja mwathu, ndipo tidzafunsidwa za izo. Munda ukayamba kudzaza chitsamba cha mkaka, ukutiuza kuti waguga.

Ubwino wake ulipo

Palibe chomwe Allah analenga pachabe. Khungwa la nthambi zake lili ndi luzi lolimba, ndipo asodzi a m'maiko ena akhala akupota zingwe za mbedza ndi maukonde ndi luzi limeneli. Mtengo wake ukauma ndi wopepuka, ena amayandamitsira ukonde. Ubweya wa njere amaika m'mapilo. Ku Benin ndi ku Nigeria, abusa a mtundu wa Fulani amagwiritsa ntchito chomerachi poumitsa mkaka kupanga tchizi, koma iwo ali ndi muyeso wophunzira kwa makolo awo, ife tisayeserere. Pa mchenga wa pagombe, mizu yake imathandizako kugwira nthaka. Choncho sitikunena kuti titheretu chilichonse. Tikunena kuti chichoke pomwe pali ana, m'minda ndi m'mabusa.

Zoti tichite

Utomoni ukalowa m'diso, musatikite. Tsukani ndi madzi oyera ambiri, akuyenderera, kwa mphindi zosachepera 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukanene chomwe chalowa. Musathire mkaka wa m'mawere, shuga, kapena madzi a zitsamba zina. Kusapweteka kusakunamizeni. Mwana wathu uja sanamve ululu weniweni, koma diso linali litavulala.

Musadonthezere utomoni pa dzino lobooka kapena pa chilonda, ndipo musamwe chilichonse chochokera ku chomerachi. Kwa amayi oyembekezera ngozi yake ndi ya miyoyo iwiri. Munthu akameza, n'kuyamba kusanza, kutsegula m'mimba kapena mtima kugunda mosalongosoka, musadikire kuti kuche.

Asodzi, utomoni umenewu usafike m'madzi ngati katupe. Kupha nsomba ndi poizoni lamulo la dziko limaletsa, ndipo kumapha ndi tiana tomwe, chakudya cha chaka chamawa. Musakolezere nkhuni zake zaziwisi powamba nsomba, ndipo nthambi zake zisayandikire thandala la usipa.

Pochotsa, kudula ndi chikwanje n'kungodzivutitsa, chifukwa chitsa chimaphukira nthambi zambiri kuposa kale. Moto nawo sumapha mzu. Zulani mbande zikadali zazing'ono, nthaka ili yofewa mvula itagwa. Chachikulu chikumbeni ndi khasu, mudule mzu pansi ndithu, ndipo muzibwerako kudzachotsa zophukira. Ngati simungathe kukumba zonse chaka chino, thyolani zipatso zisanang'ambike n'kuzikwirira m'dzenje lakuya. Chipatso chimodzi chokwiriridwa ndi njere mazana zomwe sizidzauluka. Pogwira ntchitoyi valani malaya a manja aatali, jumbo m'manja ndi magalasi ngati alipo, ndipo sambani ndi sopo musanagwire kumaso. Kumbukirani kuti pa udhu manja amapita kunkhope, ndiye sopo ayambe. Ntchito imeneyi si ya ana.

Pomwe mwazulapo pasakhale poyera. Thirani manyowa, siyani mapesi agone m'munda m'malo mowatentha, lekani misangu yomera yokha ikule, ndipo dzalani mitengo ina. Za busa, munthu mmodzi sangathe. Mutu umodzi susenza denga. Tikhale pansi ndi mfumu, eni ziweto ndi alangizi a zaulimi, tigwirizane mbali yoti ipume dzinja lino kuti udzu ubwerere.

Ife tayamba ndi pakhomo pathu. Lachisanu lapitali titatuluka Jumua, amuna asanu ndi mmodzi anakumba zitsamba zonse za kuseri kwa mzikiti, ndipo mvula ikayamba tidzalapo mango, Insha Allah. Aphunzitsi a madrasa ndi makolo, tengani ana mukawaonetse chitsambachi maso ndi maso, ataima patali, adziwe tsamba lake, duwa lake ndi chipatso chake. Kenako yendani m'munda mwanu muwerenge kuti zilimo zingati, mudzatiuze tikakumana.

Allah atipatse mvula ya madalitso, atisungire maso a ana athu, ndipo atikhululukire pomwe taononga nthaka yake. Amin.

Wassalam alaikum.